GALIMOTO YOZIMA PAFUPI NDI MANDA

Mau omwe adayankhulidwa pa msonkhano wapachaka wa bungwe lathu la ophunzira akale

 

A komiti atandilembera kalata kuti ndidzayankhule za ntchito yanga, adandipatsa mphindi 30 zokha, ndipo adachita kulemba mzere kunsi kwa nambalayo. Ine ndine makaniko wa zamagetsi a galimoto. Sindidzakutopetsani ndi mbiri ya moyo wanga. Ndasankha nthenda imodzi yokha ya galimoto, yomwe yadyera anthu ambiri ndalama kuposa ngozi, ndiyo ya galimoto yomwe ikuyenda bwino-bwino n'kungozima yokha pamsewu, kenaka n'kuliranso ngati palibe chachitika.

Ambiri a ife tidafika pa sukulu pano tsiku loyamba titakhalira matumba a chimanga kumbuyo kwa matola, sutikesi ili pamiyendo. Adali ma Peugeot 404, ma Datsun, ma Toyota Hilux, ma Isuzu KB, ndi kaja kakang'ono ka Nissan 1400 komwe ku South Africa adapitiriza kukapanga mpaka 2008. Amene adayendapo msewu wa Karonga-Chitipa usadaikidwe phula akudziwa chimene magalimoto amenewa adapirira. Mtunda wake ndi makilomita 101, koma nthawi ya mvula munthu umatsazika ngati ukupita ku Joni. Phula adamaliza kuika ndi a ku China mu 2012. Komabe mapikapu akalewo sadathe. Adangopatukira m'misewu yafumbi ya kumidzi, ndipo kumeneko ndiwo ambulasi, ndiwo basi, ndiwonso onyamula maliro. Nkhani ya lero ndi ya pikapu imodzi mwa amenewa.

Poyamba mundilole ndikubwezereni m'kalasi pang'ono. Amene munkagona pa phunziro la Physical Science, dzukani tsopano.

Injini ya petulo imafuna zinthu zitatu: mafuta osakanizika ndi mpweya, kupanikizika kwa mpweyawo mu silinda, ndi moto wa pa pulagi pa nthawi yake. Batire lili ndi mavoliti 12 okha, osakwana kudumpha kampata ka pa pulagi. Wokweza mphamvuyo ndi koilo. Mkati mwa koilo muli mawaya awiri okulungidwa pa chitsulo chimodzi, wina wonenepa wozungulira kochepa, wina wopyapyala ngati tsitsi wozungulira kambiri-mbiri. Magetsi amachoka ku batire, kudzera pa switchi ya kiyi, kulowa m'koilo mbali ya pulasi, kutuluka mbali ya mainasi, n'kupita ku disitiributa komwe kuli tizitsulo tiwiri totchedwa mapointi. Mapointi akagundana, magetsi amayenda ndipo koilo imasanduka maginito. Akatseguka, maginito aja amatha mwadzidzidzi, ndipo waya wopyapyala uja amatulutsa mavoliti oposa 15,000 omwe amakadumpha pa pulagi. Zimenezi ndi zomwe Michael Faraday adatulukira mu 1831, zomwe tinkaloweza usiku kuti tikhoze mayeso. Amene adazikonza kuti zigwire bwino ntchito m'galimoto ndi Charles Kettering wa ku America, cha m'ma 1910, pa magalimoto a Cadillac. Injini ya masilinda anayi imafuna moto kawiri pa kuzungulira kumodzi. Ikamazungulira ka 3,000 pa mphindi, ndiye kuti mapointi aja akutseguka ndi kutseka ka 100 pa sekondi iliyonse. Taganizirani zimenezo muli pa mabampu a ku Misuku.

Pali chinthu chimodzi chomwe anthu amaiwala, ngakhale amakaniko ena. Magetsi sapita ulendo wosabwerera. Ayenera kubwerera ku batire, ndipo m'galimoto njira yobwerera ndi chitsulo cha galimoto yomweyo: injini, chasisi ndi bodi. Njira imeneyi timaitchula kuti ethi. Ikaduka, zotsatira zake ndi chimodzi-modzi ndi kudula waya wa laivi. Musunge mau amenewa, tiwafuna posachedwa.

Mudali mu 2011, chaka chija cha mizere pa malo omwetsera mafuta. Petulo tinkamugula m'zigubu, wina wochokera kutsidya kwa malire, ndipo munthu sunkadziwa chimene athiramo. Pa Lufita padali amayi ena amasiye omwe amuna awo adawasiyira pikapu ya petulo ya m'zaka za m'ma 1980, ya kabuleta ndi mapointi. Woyendetsa adali mwana wa mlongo wawo. Galimoto imeneyi ndiyo inkalipira fizi ya ana atatu. Inkanyamula anthu ndi katundu masiku a msika, kupita pa boma, ndipo nthawi yokolola inkalowa m'midzi kukatenga chimanga ndi nyemba.

Idayamba kuzima. Pa miyezi iwiri idapita kwa amakaniko atatu. Woyamba adati ndi petulo wa m'zigubu, adatsuka thanki ndi kabuleta. Sindimunena, chifukwa chaka chimenecho magalimoto ambiri ankavutikadi ndi mafuta oipa. Wachiwiri adasintha pampu ya mafuta ndi mapulagi. Wachitatu adati koilo ikutentha, amayiwo adagula ina, n'kuonjezanso batire. Mbuzi zidatha m'khola. Galimoto ikakhala pa galaja inkalira bwino tsiku lonse, aliyense n'kumati yachira. Ikangolowa mumsewu, nthenda ija yabwerera.

Chidafika poopsa tsiku lina pomwe idazima potsika phiri itadzaza anthu. Mnyamata uja adaponda kilachi, kuchotsa giya kuti ailizenso. Adaponda buleki kamodzi, kawiri, kachitatu buleki yauma ngati mwala. Mwayi wake adaigwetsera m'ngalande ya mbali ya phiri, anthu n'kutuluka ndi mikwingwirima chabe. Kuyambira tsiku limenelo anthu a pa Lufita adayamba kuikana. Padabukanso mphekesera. Pa msewu wina wa kumudzi womwe inkadutsa kawiri-kawiri, inkakonda kuzima pamalo amodzi-modzi, ndipo pamalopo pali manda. Mukudziwa kale zomwe zidanenedwa. Ena adati malemu mwini wake sakondwa kuti galimoto ikuyendetsedwa ndi wa kuchikazi. Ena adati alipo adaimanga. Padapezekanso munthu wachifundo yemwe adati aigule pa mtengo wa zitsulo zakutha, kuti awachotsere amayiwo tsoka.

Amayiwo adandipeza ndi mau ochepa. Adati, "Adada, mungondiuza zoona. Ngati yafa ndiigulitse, ana asandithamangitsidwire ku sukulu."

Sindidatsegule boneti. Ndidaitana mnyamata woyendetsa uja, tidakhala pansi pa mtengo wa mango, ndidamugulira chimanga chootcha. Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Pa ntchito yathu chida choyamba ndi khutu, chifukwa dalaivala ndiye amakhalapo nthenda ikamagwira, pomwe makaniko amaona wodwala atatsitsimuka kale.

Ndidamufunsa kuti, "Achimwene, ikamazima imayamba yatsokomola, kapena imangoti zii?"

Iye adati, "Imangoti zii, madala, ngati munthu watembenuza kiyi."

Yankho limenelo ndi theka la ntchito. Galimoto yosowa mafuta imadandaula kaye. Kabuleta ili ndi kambale kosungira petulo, choncho mafuta akasiya kubwera injini imafooka pang'ono-pang'ono, imatsokomola, imagwedeza, ndiye n'kuzima. Magetsi alibe kambale. Akaduka, aduka pomwepo.

Ndidafunsanso za timagetsi tofiira ta pa dashibodi, ka batire ndi ka oilo, ngati timayaka galimoto ikazima n'kuima. Adati timayaka. Apo ndidadziwa kuti batire, waya wamkulu wochoka ku batire ndi mbali yaikulu ya switchi zili moyo. Dashibodi ikadakhala kuti imada bii, ndikadayambira ku mitu ya batire ndi ku switchi, osapita patali.

Funso lachitatu lidali la phazi lake. Kodi imazima akuponda faya kwambiri pokwera mtunda, kapena ili phee pa sitepe? Adaganiza nthawi yaitali. Adati pokwera siidazimepo, ngakhale itasenza matumba 20. Poima siidazimeponso. Imazima akamaliza mtunda, wasintha giya, phazi langokhudza faya pang'ono, galimoto ikuyenda mosavutika. Ndiye adaonjeza mau omwe amakaniko atatu aja sadawamve chifukwa sadafunse. Adati nthawi zina ikazima iye akaponda faya mpaka pansi, imaphulika ku ekizozi ngati mfuti, n'kupitiriza ulendo.

Anzanga, kuphulika kumeneko ndi umboni. Chimaphulika ku ekizozi ndi petulo yemwe wadutsa mu injini osapsa. Ndiye kuti mafuta adalipo nthawi yonseyi, chidasowa ndi moto, ndipo moto utabwerera udayatsa zonse zidaunjikana m'paipi. Mbuzi za amayi aja zidafera pampu yosalakwa.

Apa ndipo ndidatsegula boneti. Ndidayamba ndi zinthu zosavuta, popeza n'kupusa kumasula disitiributa pomwe mutu wa batire ukugwedera. Batire lodzaza bwino, litapuma, limaonetsa mavoliti 12.6 pa mita. Injini ikamalira liyenera kuonetsa pakati pa 13.8 ndi 14.4, kusonyeza kuti alitaneta ikutchaja. Zonse zidali bwino. Ndidayesa lamba wa ethi wochoka ku batire kupita ku injini, poika mita pakati pa mutu wa mainasi ndi chitsulo cha injini uku mnyamata akuliza sitata. Pamenepo mita siyenera kufika theka la voliti. Idali pansi kwambiri. Ndidagwedeza mawaya onse injini ikulira, ndidagwedeza kiyi, ndidagogoda bokosi la mafyuzi. Injini osatekeseka.

Nthenda yobisala pa galaja imafunika kuitsatira kumsewu. Ndidatenga timababu tiwiri tating'ono ta pa dashibodi, kalikonse ndi mawaya ake aatali. Kamodzi ndidakalumikiza ku mbali ya pulasi ya koilo, kenako ku mbali ya mainasi, ndipo miyendo yawo inayo ndidaimanga pa chitsulo cha bodi. Mawaya ndidawadutsitsa pa windo, timababu ndidatigwira m'manja nditakhala pa mpando wa kutsogolo. Babu la ku pulasi limandiuza ngati magetsi akufika pa koilo. La ku mainasi limandiuza zomwe mapointi akuchita. Mapointi akatseka, magetsi amathawira ku ethi kudzera mwa iwo ndipo babu limazima. Akatseguka babu limayaka. Injini ikamathamanga, babulo limangooneka lofiirira, lonjenjemera.

Tidanyamuka pa Lufita opanda pasinjala, titasenza matumba a mchenga kuti galimoto imve kulemera. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ulendo woyamba sidazime. Wachiwiri, titakwera kamtunda kaja n'kufika pathyathyathya, manda ali kudzanja lamanzere, injini idangoti zii. Mnyamata adandiyang'ana ndi maso oti mwaonatu. Ine maso adali pa timababu. La ku pulasi silidazime, lidachita kuwalirapo. La ku mainasi lidasiya kunjenjemera, lidayaka mbee, osaphethira, pomwe injini idali ikuzungulirabe chifukwa ndidamuletsa kuchotsa giya.

Tiyeni tiwerengere pamodzi, monga tinkachitira pa bolodi. Babu la ku pulasi likuyaka: switchi, balasiti ndi waya wobweretsa magetsi alibe mlandu. Babu la ku mainasi likuyaka: magetsi akudutsa m'koilo, ndiye kuti waya wonenepa wa mkati mwake sadaduke. Likuyaka osaphethira: magetsi afika pamenepo koma akusowa njira yopitira ku ethi. Kondensa ikadachita shoti, babulo likadazima, chifukwa magetsi onse akadathawira mwa iyo. Choncho kondensa idatuluka m'khoti. Otsala adali atatu okha: waya wochoka pa koilo kupita ku disitiributa, mapointi eni ake ngati sakugundana, ndi njira yochoka pa mapointi kupita ku chitsulo cha injini. Galimoto yonse ija, yomwe anthu adaimasula thanki ndi kabuleta, mlandu wake udatsala pamalo osaposa chikhatho changa.

Nanga n'chiyani m'kati mwa disitiributa chomwe chimamva phazi la dalaivala? Chilipo chimodzi. Pambali pa disitiributa pali kachitini kokhala ngati kambale kotsekedwa, kolumikizidwa ku kabuleta ndi kapaipi kakang'ono. Injini ikamayenda mopepuka, faya atangotsegulidwa pang'ono, kabuleta imakoka mpweya mwamphamvu m'kapaipi kameneka. Kachitini kaja kamakoka mbale yomwe mapointi adamangidwapo, n'kuitembenuza pang'ono, kuti moto ufike msanga pa pulagi ndipo galimoto isamwe mafuta ambiri. Pa injini ya mtundu umenewu, ikamalira ili poima kapaipi sikakoka, chifukwa kabowo kake kali pamwamba pa chitseko cha kabuleta. Ukaponda faya mpaka pansi sikakokanso, mbale imabwerera m'malo. Mbaleyo popeza imayenda, siingadalire kukhudzana kwake ndi chitsulo, pomwe pamakhala girizi ndi fumbi. N'chifukwa chake opanga adaikapo kawaya kofewa, kotalika ngati chala, kolumikiza mbale ndi thupi la disitiributa. Moto wonse wa galimoto umabwerera kudzera m'kawaya kameneko. Mavoliti 12 kugawa ndi ma ohm atatu a koilo ndi balasiti, lamulo la Georg Ohm likutipatsa maampu anayi. Maampu anayiwo njira yawo ndi imeneyo basi.

Tidaima pomwepo pafupi ndi manda. Patapita mphindi zingapo idalira. Ndidazula kapaipi kaja ku kabuleta, injini ikulira, n'kukayamwa ndi pakamwa. Injini idazima nthawi yomweyo. Tidailizanso, ndidayamwanso, idazimanso. Kachitatu ndidampatsa mnyamata uja kuti ayamwe yekha. Adaizimitsa ndi pakamwa pake, ndipo adaseka mpaka kukhala pansi mumsewu. Anthu odutsa ankaona ngati tapenga.

Nditachotsa chivindikiro ndi rota, kawaya kadali pomwepo, kooneka kabwino-bwino. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Wina kale-kale adachotsa kawaya koluka ka fakitale n'kuikapo waya wamba wokutidwa ndi pulasitiki. Waya wotere sapirira kupindidwa tsiku ndi tsiku. Nditamukoka pang'ono, pulasitiki adatanuka ngati mphira. Mkati tinsambo tonse ta kopa tidali titaduka, nsonga zake zitada ndi kupsa. Mbale ikakhala m'malo mwake, nsongazo zinkagundana ndipo galimoto inkalira. Mbale ikatembenuka, zinkalekana. Ndipo popeza mbaleyo idali yolimba ndi fumbi, inkachedwa kubwerera, nthawi zina nsonga osakumana bwino, n'chifukwa chake galimoto inkafuna kupuma kaye isadalirenso.

Za manda zija mwazimvetsa kale. Manda ali pamwamba pa kamtunda, pomwe msewu umayamba kuyalana. Dalaivala aliyense akafika pamenepo amapepusa phazi. Mnyamata uyu, poti adaleredwa bwino, ankapepusa kwambiri polemekeza ogona pamenepo. Ulemu wake ndiwo unkazimitsa galimoto.

Kukonza kwake kudatenga ola limodzi. Ndidadula kawaya koluka ka pa bulashi ya sitata yakutha, kofewa ngati ulusi, ndidaotcherera timakutu ku nsonga zake ndi chitsulo chotenthetsa pa mbaula, n'kukasiyira mpata wokwanira kuti mbale izitembenuka osakakoka. Ndidatsuka mbale, ndidapaka girizi pang'ono pa kamu, ndidatchera mpata wa mapointi pa 0.45 milimita monga buku la injini imeneyo limanenera, n'kutcheranso taimingi. Tidadutsa pa manda kasanu tsiku limenelo. Madzulo ndidapempha amayi aja kuti akwere okha kutsogolo, tidutse nawo pakati pa msika anthu akuona, popeza galimoto ya matola ikataya mbiri imafunika kuchira pamaso pa anthu. Wachifundo uja wofuna kugula zitsulo sadaonekenso. Pikapu idagwira ntchito mpaka mwana wotsiriza adalemba mayeso a Fomu 4.

A Tcheyamani, ndikuona mukuyang'ana wotchi. Mundipatseko mphindi zochepa, chifukwa pali ena muno ali ndi magalimoto ozima ndipo akuganiza kuti nawonso ndi kawaya komweko. Mwina ayi. Nthenda iyi ili ndi abale ake, ndipo aliyense ali ndi chizindikiro chake.

Galimoto yomwe imalira mukagwira kiyi pa sitati, n'kuzima mukangomusiya, kawiri-kawiri ndi balasiti, kachinthu koyera kadothi kokhala pafupi ndi koilo. Poliza, magetsi amalambalala balasiti kuti moto ukhale wamphamvu. Mukasiya kiyi amayenera kudzera mwa iyo, ndipo ngati yaduka ulendo wathera pomwepo. Ena amangolumikiza waya kuilambalala mpaka kale-kale. Galimoto imayendadi, koma mapointi amapsa msanga ndipo koilo imatentha.

Yomwe imathamanga bwino koma kuzima mukangochotsa phazi, pa mphambano kapena potsitsa anthu, muyang'ane kasolenoidi ka pa kabuleta, kokhala ndi waya mmodzi. Ntchito yake ndi kutseka mafuta a injini ikamalira poima, mukazimitsa kiyi. Tsegulani kiyi, zulani wayayo n'kumukhudzitsanso. Mukapanda kumva kuti tha, ndiye kuti magetsi sakufika kapena kafa. Eni magalimoto a dizilo musaseke. Inu mulibe koilo ndi mapulagi, koma pa pampu yanu pali solenoidi yotere yomwe imatsegula dizilo yense. Kawaya kake kakagwedera pa bampu, injini imazima ngati mwaitsekera ndi kiyi. Ndaonapo anthu akutumiza pampu yonse ku Mzuzu chifukwa cha kanati kamodzi komasuka.

Switchi ya kiyi imaphedwa ndi ife eni. Pa kiyi wa galimoto timapachikapo makiyi a nyumba, a golosale, a chigayo, chotsegulira mabotolo ndi kampeni. Mtolo wonsewo ukulendewera pa mabampu zaka khumi. Ngati galimoto izima ndipo dashibodi yada, mukagwedeza kiyi timagetsi n'kubwerera, musapitenso kwina.

Koilo yotopa, ndi kabokosi kamene kadalowa m'malo mwa mapointi pa magalimoto a pambuyo pake, zimafa ndi kutentha. Galimoto imayenda theka la ola, kuzima, kukana kulira mpaka itazizira. Ikani kansalu konyowa pa chomwe mukuchikayikira. Ikalira msanga kuposa masiku onse, mwachipeza. Lamba wa ethi wa injini akadyeka ndi dzimbiri, magetsi amafuna njira ina yobwerera, ndipo amadzera m'kebulo ya faya kapena ya tchoko. Mukaona kebulo yotere ikutentha kapena kulimba popanda chifukwa, musagule kebulo, yang'anani lamba.

Pali zizolowezi ziwiri zomwe ndimadana nazo, ndipo ndizinena ngakhale ena muno akhumudwe. Choyamba ndi kuzula mutu wa batire injini ikulira, ati poyesa ngati alitaneta ikutchaja. Batire ndilo limameza mphamvu yosefukira. Mukalichotsa, mavoliti amalumpha ndipo mukhoza kuotcha alitaneta yomwe mumaiyesayo, pamodzi ndi wailesi. Mita yotchipa ya pa msika imayankha funso lomwelo popanda kuononga kanthu. Chachiwiri ndi kuika msomali kapena pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya m'malo mwa fyuzi. Fyuzi ikapsa ndiye kuti yagwira ntchito yake, penapake pali waya wosupuka akukhudza chitsulo. Msomali supsa. Chimapsa ndi galimoto.

Nditsirize ndi buleki ija idauma, popeza apa ndi pa moyo wa anthu. Mapikapu ambiri a petulo ali ndi chimbale chakuda kuseri kwa pedulo ya buleki, chomwe chimathandiza mwendo wanu pogwiritsa ntchito mpweya womwe injini imakoka. Injini ikaima, mphamvu yosungidwa m'chimbalemo imakwana kuponda kawiri kapena katatu. Koma injini yozima, ikakhala m'giya ndipo kilachi simudaponde, mateyala amaizunguzabe. Imapitiriza kukoka mpweya, ndiponso imagwira galimoto kuti isathamange. Choncho ikakuzimirani potsika phiri, phazi lichoke pa faya, giya ikhale momwemo, kilachi musaiponde mpaka mutatsala pang'ono kuima. Buleki muponde kamodzi n'kugwiritsa, osapopa. Ikauma sikuti yatha, imafuna mwendo wonse. Handibuleki muikoke pang'ono-pang'ono. Ndipo kiyi musamubweze mpaka kumapeto, chifukwa pa magalimoto ambiri pamenepo chiwongolero chimakhoma. Mu 2011 madalaivala ena ankazimitsa dala injini potsika mapiri a pakati pa Chitipa ndi Karonga kuti apulumutse petulo. Mukakwera galimoto yotere, nenani kuti akutsitseni, ngakhale mwalipira kale.

Babu loyesera lija aliyense akhoza kudzipangira. Mufunika kababu kakang'ono ka mavoliti 12, mawaya awiri otalika mamita awiri, ndi kopanira ku nsonga. Ndabwera nawo anayi m'chikwama. Panja pa holo pano ndaonapo pikapu yoyera ya mmodzi wa ife, sindimutchula dzina, yomwe eni ake aiimika potsetsereka ndi mwala ku teyala. Tikatha kudya nsima, amene akufuna abwere pamenepo, eni ake atibwereke kiyi, titsegule chivindikiro cha disitiributa muone kawaya ndikunenaka ndi maso anu.